Pikiapu yosenza camper: momwe mungadziwire ngati masipuling'i a kufakitale akukwana kapena ofunika kusintha

Camper ndi kanyumba kogonamo komwe amakakweza kumbuyo kwa pikiapu, kokhala ndi bedi, thanki ya madzi, firiji ndi pophikira. Kwawo kwenikweni kwa tinyumba timeneti ndi ku America, komwe Ford F-350 kapena Ram 3500 imasenza camper ya Lance kapena Arctic Fox yolemera tani imodzi ndi theka, mwinanso kupyola. Ku South Africa ndi ku Australia amakonda topepukirako, tonga ta kampani ya Alu-Cab ya ku Cape Town, tokwera pa Hilux, Ranger, D-Max kapena Land Cruiser 79. Ndi tomwe timationa pa M1 ndi M5 ndi alendo opita kunyanja, ndipo ena a bizinesi yonyamula alendo kuno kwathu ali nato.

Munthu akangokweza camper n'kuona galimoto yagwada kumbuyo, mawu oyamba amakhala akuti "masipuling'i a kufakitalewa ndi ofewa, tiike ena." Nthawi zina ndi zoona. Koma dziwani ichi musanatulutse ndalama: masipuling'i ogula padera, mabaluni a mpweya othandiza masipuling'i ndi ma shock (zida zoletsa galimoto kudumphadumpha) okwera mtengo amakonza kaimidwe ndi kayendedwe ka galimoto, sawonjezera katundu amene galimotoyo inapangidwa kuti inyamule. Nkhata imathandiza kuti mtolo usapweteke pamutu, koma khosi limakhala lomwelo. Axle (chitsulo chopingasa chomwe mawilo amamangiriridwako), mabeyaring'i, mabuleki ndi chasisi zimatsala zakale zija.

1. Werengani kachitsulo ka pachitseko

Tsegulani chitseko, yang'anani pa mzati wake kapena mu boneti. Pali kachitsulo kapena sitika yolembedwa GVM, ya ku America imati GVWR. Amenewo ndi malire a kulemera kwa galimoto yonse, mafuta, anthu ndi katundu zili momwemo. Palinso manambala awiri a malire a axle yakutsogolo ndi yakumbuyo. Lembani atatu onsewo papepala. Ya axle yakumbuyo ndi yomwe imayamba kupyoledwa, nthawi zambiri GVM isanakwane n'komwe.

2. Pitani pa sikelo kawiri

Apa ndi pomwe anthu ambiri amajomba, chonsecho ndi pomwe pali yankho. Pezani sikelo ya magalimoto, yonga ija imakhala kumalo ogula mbewu zambiri, kokumba miyala ya kwale kapena kogula zitsulo zakutha. Pemphani kuti akuyezereni katatu: mawilo akutsogolo okha, akumbuyo okha, kenako galimoto yonse. Chitani zimenezi camper isanakwere, mafuta ali odzaza. Mukatero kwezani camper, dzazani madzi, longedzani zonse za ulendo, anthu akwere, mubwererenso pa sikelo.

Musakhulupirire nambala yolembedwa pa kabuku ka camper. Nambala imeneyo kawirikawiri imakhala ya kanyumba kopanda kanthu mkati. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndipo batire lachiwiri, silinda ya gasi, tenti ya m'mbali ndi matayala a sipeya sizibwera zaulere.

Tiyerekeze kuti GVM yanu ndi makilogalamu 3,000, ndipo sikelo yasonyeza 2,150 galimoto ili yokha. Mwatsala ndi 850. Anthu awiri 150, camper 450, madzi 80, batire ndi firiji ndi gasi 90, chitsulo cha kutsogolo ndi winchi zomwe mukufuna kumangirira 80. Yakwana 850, ufa ndi zovala musanaike. Double cab yomwe wogulitsa amaitama kuti "imanyamula tani" imathera pomwepo.

Ngati sikelo yasonyeza kuti mwapyola malire, imani. Tsitsani katundu, kapena pezani camper yaing'ono, kapena galimoto yaikulu. Ku Australia kuli njira yovomerezeka yokwezera GVM, koma imadutsa mwa mainjiniya ndipo galimoto imapatsidwa chizindikiro chatsopano cha malire. Kuwonjezera masipuling'i pansi pa mtengo wa mango si zimenezo, ndipo ngozi ikachitika a inshuwalansi amayang'ana nambala ya pa kachitsulo kaja.

3. Onani pomwe kulemera kwakhala

Ma camper a ku America amakhala ndi chizindikiro m'mbali chosonyeza pomwe pali pakati pa kulemera kwake. Chizindikirocho chiyenera kukhala pamwamba pa axle yakumbuyo kapena patsogolo pake. Vuto la double cab ndi lakuti mipando yakumbuyo inadya malo, choncho gawo lalikulu la bodi lili kuseri kwa axle.

Katundu wa kuseri kwa axle amalemera kuposa mmene alili. Pa galimoto yomwe mawilo akutsogolo ndi akumbuyo atalikirana mamita 3, mukaika makilogalamu 100 pa mtunda wa mita imodzi kuseri kwa axle, axle imeneyo imamva 133, ndipo mawilo akutsogolo amapepukidwa ndi 33. N'chifukwa chake chiwongolero chimayamba kuyandama ndipo magetsi amaloza m'mitengo. Thanki ya madzi, batire ndi bokosi la masipanala zikhale kufupi ndi kabini, komanso pansi. Majerikani a dizilo omangirira kuchitseko cha kumbuyo amaoneka bwino pa Facebook, koma ndi malo oipitsitsa omwe mungasankhe. Kusuntha katundu n'kwaulere, ndipo nthawi zina kumathetsa theka la dandaulo.

4. Matayala asanafike masipuling'i

M'mbali mwa tayala muli nambala yotsatira saizi, monga 265/65R17 112T. Nambala 112 ikutanthauza kuti tayalalo limanyamula makilogalamu 1,120, pamene 120 ndi makilogalamu 1,400. Matayala awiri akumbuyo pamodzi ayenera kuposa zomwe sikelo yasonyeza pa axle imeneyo, ndipo pakhale mpata wotsala. Matayala olembedwa LT ali ndi m'mbali molimba, ndipo amachepetsa kuyendayenda kwa matako a galimoto komwe anthu amanamizira masipuling'i. Koma mphamvu yake yonse imabwera akapopedwa mpweya wokwanira, ndipo muziyeza m'mawa akadali ozizira.

5. Yezani kugwada, kenako lowani pansi

Imikani galimoto pamalo osalala. Yezani ndi tepi kuchokera pakati pa wilo kufika m'mphepete mwa madigadi, mawilo onse anayi, camper isanakwere komanso itakwera. Pikiapu imapangidwa dala yotukuka kumbuyo, kuti ikasenza ifike pofanana ndi kutsogolo. Choncho ikatsika n'kukhala yowongoka, masipuling'i agwira ntchito yake, palibe chalakwika. Vuto ndi pomwe kumbuyo kwatsika kuposa kutsogolo.

Tengani tochi mulowe pansi, camper ili pomwepo. Pansi pa mulu wa masipuling'i pali chitsulo chimodzi chochindikala, chachifupi, chomwe chimangokhala galimoto ikakhala yopanda katundu, n'kuyamba kugwira ikalemedwa. Onani ngati masipuling'i apamwamba atsamira kale pa chimenechi. Kenako yang'anani labala yotchinga yomwe ili pakati pa chasisi ndi axle. Ngati mpata watsala wa chala chimodzi, kapena pamwamba pa axle pali malo owala opukutika pomwe labalayo imamenya, ndiye kuti galimoto ikugunda pansi pa bampu iliyonse. Onaninso shock yonyowa mafuta, mabushi ong'ambika ndi sipuling'i yothyoka pakati pa zinzake, yomwe imadziwika ndi dzimbiri lofiira potulukira mng'alu.

Ambiri mwa magalimoto athu anayenda kale kwambiri asanafike m'manja mwathu. Kuyerekeza masipuling'i otopa a zaka khumi ndi zida zatsopano zogula padera si chilungamo. Nthawi zina chofunika ndi zida zatsopano za mtundu womwewo wa kufakitale, basi.

6. Gulani mankhwala a nthenda yomwe mwaipeza

Ngati muli mkati mwa malire, galimoto yaima mowongoka ndipo siikuvuta poyendetsa, siyani momwemo. Zida za kufakitale zinayesedwa pamodzi ndi mabuleki ndi chasisi ya galimoto imeneyo, sizivuta kupeza, ndipo sizisokoneza waranti. Ine ndimaona kuti ambiri amazitaya msanga.

Ngati dandaulo ndi kugwada, dzifunseni funso limodzi: kodi camper imatsika, kapena imakhala pomwepo chaka chonse? Ikakhala yosatsika, gulani mulu wonse wa masipuling'i opangidwira katundu wokhazikika. Old Man Emu ya kampani ya ARB, Ironman 4x4 ndi Tough Dog, onse a ku Australia, amagulitsa masipuling'i motengera kulemera komwe kumakhala m'bodi nthawi zonse, monga makilogalamu 300 kapena 600. Sankhani potengera pepala la ku sikelo lija, osati poganiza kuti olimbitsitsa ndiwo abwino. Masipuling'i a 600 pa galimoto yopanda katundu amakugwedezani mpaka mano, ndipo matayala akumbuyo amadumpha m'malo mogwira msewu.

Ngati camper imakwera pa Isitala ndi pa Khirisimasi pokha, mukufuna chothandizira chomwe chimagona galimoto ikakhala yopepuka. Timbren imapanga malabala aakulu olowa m'malo mwa kalabala kotchinga kaja, osafuna mpweya kapena chisamaliro. Torklift StableLoad, ya mapikiapu a ku America, ndi kachitsulo kochititsa kuti sipuling'i yochindikala ija iyambe kugwira msanga. Ndiye pali mabaluni a mpweya a Air Lift kapena Firestone, omwe mumapopa malinga ndi katundu. A Air Lift amafuna mpweya wosachepera 5 psi (muyezo wa mphamvu ya mpweya, monga wa m'matayala) ngakhale bodi ili yopanda kanthu, ndipo sapyola 100 psi.

Mabaluniwa ndi ofunika kusamala nawo. Choyamba, baluni iliyonse ikhale ndi paipi ndi valavu yakeyake. Mukalumikiza ziwirizo pa paipi imodzi, pokhota mpweya umathawira mbali yopepuka ndipo camper imapendekeka kwambiri. Chachiwiri, sipuling'i imagawa katundu pa malo awiri a chasisi, kutsogolo ndi kumbuyo, pamene baluni imaunjika mphamvu pamalo amodzi pamwamba pa axle. Ku Australia nkhani ya ma double cab opindika chasisi pakati pa kabini ndi bodi ndi yodziwika, ndipo zomwe zimapezeka pamodzi kawirikawiri ndi katundu wolendewera kumbuyo, liwiro pa msewu woipa ndi mabaluni opopedwa mopitirira. Popani pongokwanira kuti galimoto iwongoke, masipuling'i apitirize kusenza gawo lalikulu.

Ngati dandaulo ndi kupendekeka pokhota kapena lole ikakudutsani, masipuling'i si yankho loyamba. Camper ndi yaitali, kulemera kwake kuli m'mwamba. Chothandiza ndi chitsulo chotchedwa sway bar cha kumbuyo, chonga cha Hellwig, chomwe chimamangiriza mbali ziwiri kuti imodzi isatsike yokha. Dziwani kuti chimachepetsa kutambasuka kwa mawilo pa msewu wa maenje akuluakulu.

Ngati ikudumpha kawiri katatu mukadutsa bampu, ndi ma shock. Shock sinyamula katundu, ntchito yake ndi kuletsa sipuling'i kuvina. Pa msewu wafumbi wa mabampu ang'onoang'ono otsatizana, monga wopita ku Nyika kudzera ku Thazima, mafuta a mu shock yaing'ono amatentha n'kuchita thovu, ndipo imaleka kugwira. Yaikulu thupi, monga ya Bilstein, imapirira kutenthako, pamene Rancho RS9000XL ili ndi kachotembenuza ka magawo 9 koti mulimbitse camper ikakwera.

Nanga amakaniko aja owonjezera sipuling'i imodzi kapena kupinda akale ndi nyundo? Kuwonjezera imodzi kumagwira ntchito ngati ili ya saizi yoyenera ndipo mwaika mbali zonse ziwiri. Kupinda akale sikukhalitsa. Kuwotcherera sipuling'i yothyoka, kapena kuitentha ndi moto wa gasi, musalole: chitsulocho chimataya kulimba kwake ndipo chidzathyoka pafupi ndi pomwe anawotcherera. Musakwezenso galimoto kuti ioneke yaitali, camper yaikweza kale mokwanira.

7. Pomanga ndi poyesa

Sinthani chinthu chimodzi, muyende nacho, kenako muone ngati chachiwiri chikufunikabe. Mukasintha zonse tsiku limodzi simudzadziwa chomwe chathandiza.

Masipuling'i akamasulidwa, ma U-bolt, mabawuti opindika ngati U omangirira masipuling'i ku axle, akhale atsopano, chifukwa akale anatamuka kale. Amangidwe ndi sipanala yoyeza mphamvu, ndipo muwabwereze mutayenda makilomita mazana angapo. Mabawuti a mabushi amamangitsidwa galimoto itatsika pa jeke, itaima ndi mawilo ake. Pa Hilux zakale zopanda ABS (makina oletsa mawilo kukhwekhwereza pogwira mabuleki) pali valavu ya mabuleki yolumikizidwa ku axle yakumbuyo ndi kandodo, yomwe imazindikira katundu poona mmene galimoto yatsikira. Mukatukula kumbuyo, valavuyo imayesa kuti bodi ili yopanda kanthu ndipo imachepetsa mabuleki akumbuyo pomwe mukuwafuna kwambiri. Uzani amakaniko aisinthe kuti igwirizane ndi msinkhu watsopano.

Pomaliza konzetsani alaimenti ndi kalozedwe ka magetsi camper ili pamwamba. Yesani pa msewu wopanda anthu: mabuleki adzidzidzi pa liwiro lochepa, kukhota uku ndi uku, bampu imodzi. Potsika phiri ngati Chiweta kapena Golomoti gwiritsani magiya apansi, chifukwa mabuleki ndi omwe aja a kufakitale. Mukafika pansi imani, muyandikize dzanja pa wilo lililonse osaligwira. Lomwe likutentha kuposa anzake lipite kugalaja musanapitirize ulendo.