Momwe mungayambitsire gulu loyendera ndi kupempherera odwala pa mpingo waung'ono

Anthu ambiri amaona ngati ntchito yoyendera odwala ndi ya mipingo ikuluikulu yokha, ija ili ndi magalimoto ndi zipatala zawozawo za pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo lija. Ayi ndithu abale. Ife kuno ku Chinsapo tchalitchi chathu ndi cha malata ndi mabenchi, Lamulungu sitifika ndi 100 yomwe, koma timachita, ndipo ndalama zake ndi zomwezija za m'mbale ya chopereka. Ndilemba mmene timayendetsera, wina atolepo zomwe zingathandize kwawo.

Yambani ndi kusankha anthu. Asachuluke, asanu kapena asanu ndi mmodzi akwana, chifukwa nyumba zathu zalendi zija chipinda chimodzi mukalowa anthu 15 wodwala amasowa ndi mpweya womwe. Ndipo musasankhe potengera kuti uyu amapemphera mokweza kapena amalankhula malilime nthawi yaitali, sankhani anthu osunga pakamwa. Pakhale mkulu wa mpingo mmodzi, poti pa Yakobo 5:14 akuti wodwala aitane akulu a mpingo amupempherere ndi kumudzoza mafuta, pakhale amayi awiri achikulire omwe angathe kusambitsa mayi mnzawo osaipidwa, pakhale mnyamata wa njinga amene foni yake sikhala yothima. Ngati mumpingo mwanu muli namwino kapena mlangizi wa zaumoyo, aja timati ma HSA, mugwireni mkono ameneyo ngakhale atamabwera kamodzi pamwezi. Za kuuza abusa ndi kukaonekera kwa amfumu a m'dera sindichita kukuuzani, mukudziwa kale.

Kenako gulani kope wamba. Mulembemo dzina, komwe munthu akukhala, amene akumusamalira, ndi tsiku lomwe mwamuyendera. Matenda ake musalembe. Kope amatayika, ana amang'amba mapepala kukulungira mtedza, ndiye mawa dera lonse ladziwa zoti uje ali pa mankhwala. Komanso dziwani kuti lamulo la za HIV ndi Edzi la 2018 silikulola kuulula za mthupi mwa munthu iye asanavomere. Pa gulupu ya WhatsApp ya mpingo musaponyepo zithunzi za munthu ali gone pamphasa ati kuti anthu apemphere mwamphamvu, ingolembani kuti tipempherere mayi athu akudwala, Mulungu akuwadziwa.

Katundu wonyamula. Kupita manja lendelende kwa munthu amene wagona ndi njala n'kumuuza kuti Ambuye akudalitseni, zimenezo Yakobo yemweyo anadzudzula pa chaputala 2. Ife timanyamula ufa pang'ono, sopo, kashuga, mchere, kabonya kapena soya pisi, ndipo kwa amene akukanika nsima timapanga ufa wa phala tokha, chimanga, soya wokazinga ndi mtedza n'kukagayitsa limodzi, zimatchipa kusiyana ndi kugula wa m'mapaketi. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu sizikugwirika, ndiye musamagule kamodzikamodzi pa okala, sonkhani mukapikule kwa ogulitsa zambiri m'tauni n'kumagawa m'timajumbo. Sopo gulani wamtali uja muzidula nokha. Chimanga gulani nthawi yokolola, cha m'ma Meyi ndi Juni, muthire mankhwala musunge, osadikira Januwale pomwe aliyense akulira.

Za mafuta odzozera ndinenepo pang'ono poti apa pali akuba ambiri. Kuli anthu akuyenda m'matchalitchi ndi timabotolo ati mafuta ochokera ku Israel, ena madzi odzozedwa, ena masitika omata pachitseko, kabotolo kamodzi mtengo wake mungagule sopo wa odwala asanu. Ena mwa mafutawo mukanunkhiza ndi ophikira omwewa angothiramo perefyumu. Musataye ndalama za amasiye pamenepo. Tengani mafuta ophikira a kunyumba kwanu m'kabotolo koyera, dontho limodzi pamphumi lakwana, amene amachiritsa si mafutawo. Ndipo osamwetsa munthu mafuta, osathira m'maso kapena pabala.

Tsiku lopita, tumizani uthenga kaye, anthu ena safuna kuonedwa ali ofooka ndipo ndi ufulu wawo. Mukafika odini, khalani pansi, sambani m'manja ndi sopo wanu yemweyo, perekani moni kwa wosamalira wodwala poyamba chifukwa nthawi zambiri iyeyo ndi amene watopa kwambiri ndipo palibe amamufunsa kuti mwadzuka bwanji. Musathamangire kutsegula Baibulo. Mverani kaye. Funsani kuti agona bwanji, adya chani, kuchipatala anapita, mankhwala akumwa, tsiku lobwererako ndi liti. Kenako nyimbo imodzi motsitsa, vesi lalifupi, pemphero. Mufunse musanamusanjike manja, ndipo mayi agwiridwe ndi amayi anzake. Munthu amene mutu ukumuwaza simungamukuwire m'khutu kwa ola lathunthu. Amayi akamapemphera anyamata atunge madzi, asese, awaze nkhuni.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna muwerenge mofatsa, chifukwa ndi pomwe ntchito yathu inatsala pang'ono kutengetsa moyo wa munthu. Muyenera kugwirizana musananyamuke kuti ndani alankhule m'nyumba ya wodwala, ndipo ndi mawu ati omwe sadzatuluka pakamwa pa aliyense wa inu.

Tinali ndi chitsitsimutso, kunabwera mlaliki wina wochokera kutali, wodziwa kulankhula bwino zedi, ndipo masana anati apite nawo koyendera odwala. Anthu anasangalala, mlendo wolemekezeka. Mwa omwe tinawayendera munali mayi wina wogulitsa mandasi, anali atangodwalako malungo koma analinso pa ma ARV kwa zaka ndithu ndipo anali wojintcha bwinobwino. Mayiyo mwa chimwemwe anaulula yekha kuti ku kiliniki atamuyeza magazi anamuuza kuti tizilombo sitikuoneka. Mlaliki uja anadumpha. Anati mayi mwachiritsidwa, adokotala omwe achitira umboni, ndiye mukapitiriza kumwa mapilitsi mukumuuza Mulungu kuti simukumukhulupirira. Anabwerezanso madzulo pa maikolofoni osatchula dzina, anthu n'kumaomba m'manja, m'mawa mwake anakwera basi ndi envulopu yake n'kumapita. Akulu a mpingo anapitanso kwa mayi uja kukamuuza kuti asasiye, iye anavomera ndi pakamwa, koma mawu a mlendo anali atalowa kale.

Chomvetsa chisoni n'chakuti ku kiliniki ankapitabe pa tsiku lake kuopa kufunsidwa, n'kumalandira mankhwala, n'kumabisa. Patapita miyezi anayamba kutsokomola, thukuta usiku, chitenje chosakhalanso m'chiuno, iye n'kumati ndi mayesero chabe. Tsiku lomwe anakomoka amayi athu pokonza pogona anapeza mabotolo pansi pa matiresi, ali chitsekere, ena ndi kapepala kasiliva kapakamwa kaja kosabooledwa. Anagonekedwa ku chipatala cha Kamuzu Central, anamupeza ndi TB, miyezi 6 ya mankhwala ena pamwamba pa aja anasiya. Ali moyo lero, tikuthokoza Mulungu, koma geni ya mandasi inathera pomwepo ndipo mwana wake wamkulu anaphonya chaka kusukulu akusamalira mayi ake. Mlaliki uja mpaka lero sanaimbepo foni kufunsa.

Ndiye mvetsani bwino ndipo mukaphunzitse gulu lanu. Akati tizilombo sitikuoneka m'magazi sakutanthauza kuti tatha. Akutanthauza kuti mankhwala akugwira ntchito, atipanikiza mpaka makina sakutha kutiwerenga, koma tilipo tabisala m'thupi, ndipo munthu akangosiya kumwa timachulukananso, nthawi zina n'kufika poti mankhwala omwe aja sakutiphanso. Imeneyo ndi nkhani yoyamika nayo Mulungu, inde, koma kuyamika kwake ndi kupitiriza kumwa. Amene tinaona zaka za m'ma 1990 tikukumbukira mmene mashopu a mabokosi anachulukira m'misewu, maliro tsiku ndi tsiku, tinkalira kwa Mulungu kuti atichitire chifundo. Boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004 anthu omwe tinkawayembekezera kufa anadzuka n'kubwerera kumunda. Ine ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti limenelo linali yankho la mapemphero aja, ndiye zimandiwawa munthu akabwera n'kumati taya.

Ndimakhulupiriranso kuti Mulungu amachiritsa, ndaona anthu omwe achipatala anagwetsa manja akudzuka, n'chifukwa chake timapempherabe molimba mtima. Koma Baibulo lomwelo limatchula Luka kuti sing'anga wokondedwa pa Akolose 4:14. Hezekiya atalonjezedwa kuti achira, Yesaya anauzabe anthu kuti aike nkhuyu pa chithupsa chake, werengani Yesaya 38:21. Ndipo Yesu atachiritsa akhate anawatuma kuti akadzionetse kwa ansembe, omwe nthawi imeneyo ndiwo ankaona ngati khate latha. Ndiye ngati wina akumva kuti wachira, apite akayezedwe, amene anamuyambitsa mankhwala ndi yemwe angamusiyitse.

Chichitikireni zimenezo tinakhazikitsa malamulo ndipo amawerengedwa kwa aliyense wolowa m'gulu. Palibe wouza wodwala kusiya mankhwala, kaya a HIV, a TB, a shuga, a BP, a khunyu kapena a matenda a maganizo. Mlendo, kaya ndi mneneri wotchuka bwanji, sapita kwa odwala athu asanakhale pansi ndi abusa ndi akulu n'kuvomera lamulo limeneli, akakana adya nsima yake atsale kunyumba. Komanso lamulo la 2018 lija limaletsanso kufalitsa zabodza zokhudza HIV, ndiye mumuuze kuti nkhani yake ikhoza kuthera ku polisi. Wodwala sitimuika pa kusala kudya, makamaka wa shuga, wapakati, woyamwitsa ndi amene mankhwala ake amafuna chakudya, timasala ife athanzi m'malo mwake. Palibe kulosera kuti amene wakulodzani ndi agogo anu kapena apongozi anu. Tamva m'mawailesi okalamba akuphedwa chifukwa cha mawu otere, ndipo kunamizira munthu ufiti ndi mlandu pa lamulo la 1911 lomwe likugwirabe ntchito. Komanso palibe kuuza munthu kuti sukuchira chifukwa chikhulupiriro chako n'chochepa, munthu akudwala kale mumusenzetsenso mlandu?

Ndipo funso loti mankhwala mukumwa lisamafunsidwe mongodutsa. Mayi mmodzi amene wodwalayo amamukhulupirira azitsalira ena akatuluka, acheze awiri, ngati n'kotheka amuperekeze ku kiliniki pa tsiku lake.

Za khunyu ndiwonjezere, poti ambiri amathamangira kutulutsa ziwanda munthu akugwa. Muchotseni pafupi ndi moto kapena madzi, muikireni chofewa kumutu, kugwedezeka kukasiya mugonekeni cham'mbali, osamuika supuni m'kamwa, osamumwetsa kanthu. Matendawa sapatsirana ayi. Pempherani muli chigwadire pambali pake, akatsitsimuka nkhani ikhale ya kuchipatala, mankhwala ake aliko.

Pali odwala ena oti mukawapeza musayambe n'komwe nyimbo. Mwana wotentha thupi amene akukomoka kapena akukana kuyamwa, mayi wapakati amene akutaya magazi, munthu wobanika, wopinda kamwa mwadzidzidzi, wotsekula m'mimba ngati madzi a mpunga. Ameneyo nyamulani, muzipemphera muli m'njira. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno ndipo imatha munthu m'maola ochepa, ndiye Thanzi ORS asamasowe m'chikwama cha gulu, wotsekula m'mimbayo muzimumwetsa popita. Pa chifukwa chimenechi khalani ndi kathumba ka thiransipoti kosiyana ndi ndalama zina zonse, kakhale pa Mpamba kapena Airtel Money kwa msungichuma, ndipo mugwirizane ndi wakabaza mmodzi wokhulupirika ndi wa galimoto mmodzi mtengo wake kusanade, chifukwa usiku akaona kuti mwapanikizika amatchula kawiri. Mukakayika imbani Chipatala cha pa Foni pa 929, ndi ulere.

Kuchipatala pitani pa nthawi yoonera odwala, pemphani kwa anamwino, awiriawiri, osakuwa mu wodi, osakhudza madiripi. Ma gadiyani kumbukirani, kankhuni ndi kaufa kumawathandiza kwambiri.

Odwala a mipingo ina ndi Asilamu oyandikana nawo muziwayenderanso, osawakakamiza kulowa mpingo wanu, akakana pemphero siyani sopoyo muzipita.

Umboni m'tchalitchi munthu apereke yekha akafuna, osamukoka. Ndalama lembani zonse, lipoti kumpingo mwezi ndi mwezi. Gulu lizisinthana kuti anthu asatope, ndipo wodwala akamwalira pitaninso kwa ofedwa patatha sabata ziwiri kapena zitatu, achibale onse atabalalika.