Kuyezetsa BP: musadikire kuti mutu uyambe kuwawa

Tikamayeza anthu kumidzi, mawu omwe timamva kawirikawiri ndi akuti, "Ine ndili gwa, BP ndilibe." Tikamanga lamba woyezera BP pamkono, makina n'kuonetsa 165/100, munthu amangoti kakasi. Kuthamanga kwa magazi, komwe timati BP, sikuchenjeza. Ambiri amadzadziwa mbali imodzi ya thupi itafa kale, pakamwa patakhota, abale n'kuyamba kuloza agogo osalakwa kuti ndiwo amenya hamala. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa sitiroko yotere ikanapewedwa ndi kuyeza kwa mphindi zochepa chabe.

Kafukufuku wa STEPS yemwe Unduna wa Zaumoyo udachita mu 2009 mogwirizana ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka sankadziwa. Si matenda a mabwana a m'tauni okha ayi. Mlimi woonda, wogwira khasu tsiku ndi tsiku, nayenso timamupeza nayo.

Tsono kuyezako kuli ndi kachitidwe kake. Musatsike panjinga thukuta lili kamukamu n'kupereka mkono pompo. Khalani pansi mupume mphindi 5, ndipo ngati mkodzo wakugwirani, yambani mwakataya. Kwa mphindi 30 musanayezedwe, fodya ndi khofi zikhale kutali. Tsamirani msana pampando, mapazi onse apondetse pansi osapingasa miyendo, mkono ugone patebulo molingana ndi mtima. Lamba akayamba kufinya, khalani chete. Macheza ndi woyeza adikire, chifukwa kulankhula kumakweza nambala.

Manambala amatuluka awiri. Akakhala cha m'ma 120/80, zili bwino. Akafika 140/90 kapena kupitirira, akwera, koma kuyeza kwa tsiku limodzi sikugamula mlandu. Pemphani kuti alembe m'buku lanu lakuchipatala, ndipo mubwerenso tsiku lina lomwe akuuzani. Apa ndi pomwe ambiri timawataya: amamva kuti yakwera, n'kupita osabweranso. Koma ikafika 180/120, makamaka mutu ukuwawa kwambiri, m'maso mukuchita chidima kapena pachifuwa pakupweteka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Amayi oyembekezera, musajombe kusikelo. BP ya pamimba imatha kukomola mayi ndi kupha mwana.

Mafuta a m'magazi, omwe achipatala amati kolesitolo, saoneka ndi lamba uja. Amafunika kutenga magazi, ndipo si chipatala chaching'ono chilichonse chili ndi zida zake, choncho funsani kuchipatala chachikulu cha m'boma lanu. Timafuna akhale pansi pa 5 mmol/L. Akachuluka amakanirira m'mitsempha ngati ndere m'paipi, njira ya magazi n'kuchepa. Amene muli ndi shuga, BP, kapena kwanu wina adagwapo ndi mtima kapena sitiroko, inu ndiye muyambe kufunsa.

Kunyumba, yambani ndi mchere. WHO imati munthu asafike magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza wa mu usipa wouma, timakyubu tokometsera ndiwo ndi soda wa m'therere. Kambale ka mchere kachoke pamphasa podyera. Chipisi cha pachiwaya, cha m'mafuta obwerezabwereza aja, ndi nyama yonona zichepe. Nyemba, bonongwe, chisoso ndi nkhwani wotendera zichuluke. Fodya musiye, mowa muchepetse.

Akakupatsani mankhwala monga amlodipine kapena hydrochlorothiazide, dziwani kuti sali ngati LA wa malungo womwa masiku atatu n'kutha. Nambala ikatsika, ndiye kuti mankhwalawo akugwira ntchito, osati matenda atha. Imwani tsiku lililonse, musagawane ndi anzanu, ndipo kukatsala mapiritsi a sabata imodzi, nyamulani buku lanu mukatenge ena.