Kuhaya kapena kugula tuxedo muno m'Chipata: yambirani pa mapewa

Si suti yakuda iliyonse imene ili tuxedo. Akwati ambiri amalipira mtengo wa tuxedo koma n'kunyamula suti wamba imene angoikolekapo bow tie. Choncho mukalowa m'shopu ya zovala zaukwati, kaya kuno ku Chipata kaya ku Kamwala ku Lusaka, musayambe n'kufunsa mtengo. Yambani mwagwira kolala ya jekete, ija imapindikira pachifuwa. Ya tuxedo imakutidwa ndi nsalu yonyezimira ya sateni, kapena ina ya timizere ting'onoting'ono yotchedwa grosgrain. Mabatani amakutidwanso ndi nsalu, ndipo kawirikawiri lomangira limakhala limodzi lokha. Mathumba a m'mbali sakhala ndi chivundikiro cholendewera, amangooneka ngati kamzere. Kenako onani buluku. Kunja kwa mwendo, kuyambira m'chiuno mpaka kumapazi, kumatsika mzere umodzi wa sateni wobisa msoko. M'chiuno mulibe tizingwe topisamo lamba, chifukwa buluku limeneli limagwiridwa ndi malamba a m'mapewa kapena timabatani ta m'mbali. Ngati zimenezi palibe, imeneyo ndi suti, ndipo mulipire mtengo wa suti.

Dzina loti tuxedo linachokera ku Tuxedo Park, malo a ku New York, m'zaka za m'ma 1880. A ku Britain amaitcha dinner jacket poti inali yovala pa chakudya chamadzulo. Khadi yokuitanani ikalembedwa kuti "black tie", akunena chovala chimenechi. Mwambo wake ndi wa madzulo, dzuwa litapendeka. Kwathu kuno ukwati umadalitsidwa m'tchalitchi masana, madyerero n'kudzachitika madzulo, ndiye akwati ambiri amaivala tsiku lonse. Palibe cholakwa, koma zimenezi zikutanthauza kuti nsalu yake muisankhe mukuganizira dzuwa la masana.

Kuhaya kapena kugula

Funsani mitengo iwiri tsiku limodzi: wohaya kwa masiku atatu ndi wogula. Ngati kuhaya katatu kukufika pa mtengo wogula, ndipo ndinu munthu woitanidwaitanidwa ku madinala a kuntchito, woimba kapena wotsogolera mwambo pa maukwati, gulani. Ngati ndi ya tsiku limodzi la ukwati wanu, hayani, kapena gulani suti yabwino yakuda kapena yabuluu wakuda imene mudzavalenso ku tchalitchi ndi ku intavyu. Tuxedo simungapite nayo ku ofesi kapena ku maliro. Mnyamata wa Giredi 12 amene akukulabe asagulidwe tuxedo, chaka chamawa mapewa adzakhala atasintha.

Nthawi ndiyo imagwetsa anthu ambiri. Anthu akakolola n'kugulitsa chimanga, soya ndi mtedza, maukwati amathithikana Loweruka lililonse mpaka Disembala, ndipo masaizi apakati, 38, 40 ndi 42, ndiwo amayamba kutha. Sungitsani kudakali miyezi iwiri kapena itatu. Kayeseninso kutatsala milungu iwiri, poti thupi limasintha pokonzekera ukwati, ena amawonda ndi nkhawa, ena amanenepa. Ukwati ukakhala Loweruka, zovala zikhale m'nyumba mwanu Lachinayi. Mukaitanitsa ku Lusaka, kumbukirani kuti ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 570 pa Great East Road. Jekete ikafika pa basi Lachisanu madzulo ili yothina, palibenso chobweza. Zochokera kutali zifike kutatsala sabata yathunthu, ndipo amene ali ku Lundazi, Chadiza kapena Petauke awonjezerepo masiku a ulendo wawo.

Kupima

Musadzipime nokha, ndipo musatchule saizi ya jinzi yanu. Pitani kwa telala ndi pepala, mutavala shati yopepuka, akupimeni ndi tepi.

Pachifuwa, tepi idutse m'khwapa ndi pamwamba pa mafupa a kumsana, manja ali pansi, mukupuma bwinobwino osatukumula chifuwa. Nambala imene ili m'kati mwa jekete ndi muyeso umenewu m'mainchesi, ndipo inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Chifuwa cha masentimita 102 ndiye saizi 40. Majekete osokedwa pa muyeso wa ku Ulaya amawonjezera 10, ndiye 40 yemweyo amalembedwa 50. Musadabwe mukaona 50 pa jekete ya munthu wathupi lapakati. Chilembo chotsatira nambala chimanena kutalika: S ndi ya wamfupi, R ya wapakati, L ya wamtali. Nthawi zambiri buluku limene limabwera ndi jekete limachepa ndi mainchesi 6, kotero jekete ya 40 imayenda ndi buluku la 34. Apa ndi pamene abambo amimba amavutikira, komanso anyamata amapewa otambalala koma chiuno chaching'ono. Funsani ngati angakupatseni jekete ndi buluku za masaizi osiyana, bola nsalu ikhale imodzi.

Chiuno apime pa mchombo, osati m'munsi momwe mumamangira jinzi, chifukwa buluku la tuxedo limakhala m'mwamba. Apimenso mwendo m'kati mpaka pa nsapato, mkono kuyambira pa phewa mpaka pa kafupa ka padzanja, ndi khosi. Kolala ya shati ikamangidwa, zala ziwiri zizilowa. Operekeza mkwati akakhala kutali, aliyense atumize miyeso isanu imeneyi m'masentimita, yolembedwa ndi telala, osati mawu akuti "ndimavala medium".

Mapewa

Telala wabwino angafupikitse mkono, angachepetse m'mimba mwa jekete, angapinde buluku. Mapewa ndi ena. Kuti awasinthe ayenera kumasula mikono yonse iwiri, kuchotsa thonje la m'kati ndi kudulanso nsalu, ntchito yokwera mtengo imene kawirikawiri siituluka bwino, ndipo wohayitsa sangalole n'komwe. Ndiye jekete ikalephera pa mapewa, ibwezeni pomwepo ngakhale ikongole bwanji.

Msoko wa phewa uthere pamene fupa lanu lathera. Imani cham'mbali pafupi ndi khoma, muzitsamira pang'onopang'ono. Jekete ikagunda khoma mkono wanu usanafike n'kuyamba kukwinyika, ndi yaikulu. Mukaona kadzenje pansi pa msoko, mnofu wa mkono ukukankha nsalu, ndi yaing'ono. Mangani batani. Nsalu ikakokeka n'kupanga makwinya opingasa kuchokera pa batanilo, yathina. Dzanja lotambasula lizilowa pakati pa jekete ndi chifuwa mosavuta, koma chibakera chisamasewere m'menemo. Wina ayang'ane kumbuyo kwa khosi: kolala ya jekete igone pa ya shati osasiya mpata, ya shati ionekere pafupifupi sentimita imodzi. Kumanja, shati ituluke sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka. Jekete ibise matako. Buluku likhudze nsapato ndi kupindika kamodzi kokha, lisaunjikane pa akakolo.

Mukatha kuima pagalasi, chitani zimene mudzachite pa tsikulo. Khalani pa mpando. Kwezani manja ngati mukuvula mkwatibwi chophimba kumaso. Gwadani monga mudzagwadire kutsogolo kwa abusa kapena apongozi, mumve ngati msoko wa kumbuyo ukulira. A pa layini avine masitepe awo awiri atatu m'shopu momwemo. Buluku lohayitsa ladutsa m'matupi ambiri, ndipo ulusi wa pakati pa miyendo ndiwo umayamba kutopa.

Nsalu

Werengani kansalu kolembedwa kamene kali m'thumba la m'kati. Ubweya wankhosa wopepuka umapitisa mpweya ndipo makwinya amatha okha ukaupachika. Poliyesitala ndi wotchipa ndi wolimba, n'chifukwa chake ohayitsa amamukonda, koma amatsekera thukuta. Mu Juni ndi Julayi simungadandaule. Mu Okutobala, tchalitchi chitadzaza, poliyesitala amanyowetsa munthu ulaliki usanathe, ndipo kwa a ku Mambwe ndi ku Mfuwe kuchigwa n'koposa. Ngati simungapeze ya ubweya, valani vesiti yathonje m'kati, mukhale ndi mashati awiri oyera, ina ya ku tchalitchi ina ya ku holo. Jekete yoyera pa buluku lakuda ndi yololedwa m'mayiko otentha ndipo imakongola, koma fumbi lathu lofiira siliikhululukira, komanso aliyense wokukumbatirani amasiyapo mafuta odzola.

Zakuda sizifanana. China chimapendekera ku buluu, china ku bulauni chikatha ndi kuchapa. M'shopu simungaone, pa chithunzi cha panja mudzaona. Tulukani nazo pakhomo, muike jekete pa buluku padzuwa. Za operekeza onse zichokere malo amodzi.

Zotsagana nazo n'zochepa. Shati yoyera ya manja opinda kawiri imafuna cufflinks, timabatani tapadera tomangira manja a shati, ndiye onetsetsani kuti zilipo ziwiri. Bow tie ifanane ndi nsalu ya pa kolala. M'chiuno mumabisa ndi wesikoti yotsika kapena cummerbund, lamba wansalu wotambalala uja, osati zonse ziwiri. Mapindo a cummerbund amayang'ana kumwamba. Nsapato zakuda zazingwe, zopukutidwa mpaka kuwala, ndi sokosi zakuda zazitali zoti mwendo usaoneke mukakhala pansi. Nsapato zatsopano muziyende nazo m'nyumba masiku angapo.

Pangano

Musanapereke ndalama, yalani zonse patebulo pamodzi ndi mwini shopu. Onani zipi, mabatani, m'khwapa, nsalu ya m'kati ndi mathumba. Pendekani kolala pakuwala kuti muone pamene panapsa ndi simbi kapena pobooledwa ndi mapini. Jambulani chilema chilichonse pa foni iye akuona, ndipo chilembedwe pa lisiti. Lisitilo linene zinthu zimene mwatenga chimodzichimodzi, tsiku ndi ola lobweza, ndalama ya chikole, chindapusa cha tsiku lililonse lochedwa, ndi amene adzalipire zochapitsa. Mukalipira pa Airtel Money kapena MTN, sungani uthengawo, koma lisiti la pepala mulitengebe. Akafuna chitupa, perekani fotokope ya NRC, yeniyeniyo ikhale nanu. Ngati mkono kapena mwendo ukufunika kupinda, pemphani chilolezo, ndipo telala asoke ndi dzanja ulusi wosavuta kumasula. Asadule kanthu.

Salaula ndi telala

Mu salaula mumatuluka ma tuxedo a ubweya weniweni pa mtengo wotsika, chifukwa eni ake kunja anangovala kangapo. Vuto ndi lakuti jekete imabwera yokha, buluku lili m'belo lina. Musagule jekete poyembekeza kuti buluku lofanana mudzalipeza. Mukapeza zonse ziwiri, kwezani nsalu padzuwa muone timabowo ta njenjete, nunkhizani m'khwapa, ndipo tembenuzani buluku muone nsalu yotsala pa msoko wa kumbuyo. Ikakhalapo yokwanira, telala angakulitse chiuno ndi masentimita atatu kapena anayi. Pachifuwa pakakhala timatuza ngati khungu lopsa, guluu wogwira nsalu ya m'kati anamatuka pochapa, ndipo sizikonzeka.

Kusoketsa n'kothekanso. Munthu wathupi lapakati amafuna mamita atatu kapena atatu ndi theka a nsalu ya masentimita 150 m'lifupi, kuwonjezera nsalu ya m'kati ndi sateni. Koma si telala aliyense wodziwa mayunifolomu ndi madiresi a chitenje amene amatha jekete. Mupempheni akuonetseni jekete imene anasoka, muone ngati mikono yalowa bwino popanda makwinya pa phewa ndiponso ngati mbali ziwiri za kolala zikufanana. Mugwirizane kuti mudzayesa kawiri isanamalizidwe, ndipo tsiku lomuuza kuti amalize likhale milungu itatu ukwati usanafike.

Kusita ndi kubweza

Sateni amapsa msanga, ndipo ubweya wakuda ukakhudzana ndi simbi yotentha umasiya chizindikiro chonyezimira chosachoka. Yalani kansalu koyera kathonje konyowa pang'ono pamwamba, simbi ikhale yofunda chabe, muzidinda n'kunyamula, osakhula. Pa kolala musadutsitsepo simbi. Simbi ya makala ndi yoopsa kwambiri, kamoto kamodzi kotuluka pa bowo kamadya chikole chonse. Makwinya ang'onoang'ono amatha mukapachika jekete pamwamba pa beseni la madzi otentha m'chipinda chotseka kwa mphindi 20. Chitani zimenezi Lachisanu, musadikire m'mawa wa ukwati pamene magetsi angathe kuzima.

Pa galimoto, jekete ikhale pa hang'ala m'thumba lake, mudzaivale potsika. Perefyumu muthire pathupi musanavale, poti pa sateni amasiya banga. Duwa la pachifuwa lilowe pa kabowo ka pa kolala ngati kalipo. Ngati palibe, pini ilowere kuseri kwa kolala. Msuzi kapena chakumwa chikadonthera, dindani ndi kansalu koyera kouma, musapikitse, ndipo musaviike jekete m'madzi.

Mkwati sadzakhala ndi mutu wowerenga zovala Lamlungu. Sankhiranitu munthu mmodzi, besitimani kapena m'bale wodalirika, amene adzasunge lisiti ndi kutolera zonse usiku womwewo operekeza asanabalalike. Zimene zimasowa kawirikawiri ndi bow tie, cufflinks ndi cummerbund, chifukwa anthu amavula povina n'kusiya pa mpando. Apisenso m'mathumba asanabweze, muli mafoni, makiyi ndi maenvelopu a mphatso. Ngati tuxedo ndi yanuyanu, ipachikeni pamthunzi tsiku lathunthu kuti thukuta liume, muipukute ndi burashi yofewa, muiike pa hang'ala yamapewa otambalala m'thumba lansalu. Pulasitiki imasunga chinyezi, ndipo mvula ikayamba mu Novembala jekete imamera nkhungu m'khwapa ndi pa kolala.