Musanakwere gulu la kulemera pa nkhonya, dziwani chimene chichitikire chibakera chanu

Loweruka lina m'mawa, titangotsika pa chitunda cha Munro Drive thukuta lili kamukamu, mnyamata wa ku Mangochi amene ndimamugwirira mapadi anandikokera pambali. "Ankolo, njala yandikwana. Ndikufuna kuchoka ku lightweight ndikamenye ku welter. Thupi likalemera, chibakera chimalemeranso, eti?" Lightweight ndi welter (welterweight) ndi magulu a kulemera pa nkhonya, ndipo welter ndi gulu la olemererapo. Funso limeneli ndalimva kwa anyamata ambiri a kwathu amene amalowa m'majimu a kuno ku Johannesburg, ndipo yankho lake ine ndinaliphunzira ndi nthiti zanga.

Ndili mnyamata ndinkamenya pa makilo 61, ndipo dzanja langa lamanja linkaopedwa. Nditapeza ntchito ya ulonda wa usiku, kadyedwe kanasintha: magwinya (mandasi a kuno) m'mawa potuluka, kota (chibenthu cha buledi chodzaza tchipisi ndi zina) masana, usiku tiyi wa shuga wambiri kuti tulo tisandigwire. Patatha miyezi 4 sikelo inkawerenga 68. Munthu wina wokonza nkhonya anandipezera mpata ku welterweight, ine ndinavomera ndi chimwemwe poganiza kuti tsopano ndakula. Mu raundi yachiwiri ndinamupeza mnzangayo pachibwano ndi chibakera chomwe chija chinkagoneka anthu. Anangophethira, n'kumabwerabe. Pamenepo mtima unandithawa. Pofika raundi yachisanu miyendo inali ngati ya wina, mpweya kulibe, refa analowa pakati. Makilo 7 amene ndinawonjezera sanafike pa chibakera ngakhale pang'ono. Anali pamimba, ndipo ntchito yanga usiku umenewo inali kuwanyamula.

Muyambe mwamvetsa chimene chili m'kati mwa chibakera. Muli zinthu ziwiri: kulemera kumene mwakuika kumbuyo kwake, ndi liwiro limene chafikira nalo. Mphamvu imayambira kuphazi, imakwera ndi mwendo, chiuno chimaipotoza, phewa limaipereka ku mkono. Thupi lokhalo limene layenda nawo m'njira imeneyi ndi limene limawerengedwa. Ndipo ziwirizi sizilingana mtengo: kulemera kukawirikiza kawiri, mphamvu ya kugunda imawirikiza kawiri, koma liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi. N'chifukwa chake munthu amene wagula kulemera pogulitsa liwiro nthawi zambiri amakhala kuti waluza malonda.

Mbali inayo ndi imene anyamata amaiwala: chibakera sichimenya mphepo, chimamenya munthu. Chimene chimagwetsa munthu ndi mutu kutembenuka mwadzidzidzi, ubongo n'kugwedezeka m'chigaza. Munthu wamkulu mwachibadwa ali ndi khosi lonenepa, mapewa aakulu, mafupa olemera, ndipo chiyambire wakhala akulandira zibakera za anthu a msinkhu wake. Ndiye n'zotheka kuti pa thumba chibakera chanu chakuladi, thumba likulira mokweza kuposa kale, koma pa munthu amene mukukakumana naye chachepa. Zonse ziwiri n'zoona nthawi imodzi.

Taonani Manny Pacquiao, amene palibe angatsutse kuti anali ndi dzanja. Lamba wake woyamba wa dziko lonse anamutenga mu 1998 ku flyweight, makilo 50.8. Mu 2001 anaimitsa Lehlo Ledwaba wa ku Soweto kuno mu raundi 6, pa makilo 55. Mu May 2009 anagoneka Ricky Hatton mu raundi yachiwiri pa makilo 63.5, ndipo mu November chaka chomwecho anaimitsa Miguel Cotto mu raundi 12. Kuchokera pamenepo, atakhazikika pakati pa ma welter, panadutsa zaka pafupifupi 9 asanaimitsenso munthu, mpaka pa Lucas Matthysse mu July 2018. Ankapambanabe nkhonya zambiri, koma ndi mapointi. Msinkhu unalowapo, inde, komabe ine ndimaona kuti apa m'pamene chibakera chake chinakumana ndi makosi a saizi ina. Ngati zinatero kwa iyeyu, nanji ife.

Choyamba kuchita, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa m'pamene pagona nkhani yonse: dziwani ngati mukukwera kapena mukungobwerera kwanu. Kwa masabata awiri, muli pakati pa maphunziro olimba ndipo mukudya bwino, dziyezeni pa sikelo imodzi m'mawa uliwonse, mutachoka kuchimbudzi, musanamwe kanthu. Lembani m'kope. Nambala imene izibwerabwera ndiyo thupi lanu lenileni. Ngati mumayenda ndi makilo 66 kapena 67 koma mumadzifinya kufika 61.2 ya lightweight, mumavala mapulasitiki pothamanga, mumalavulira m'botolo usiku wonse, ndiye kuti lightweight si kwanu. Thupi louma madzi limataya mphamvu ndi mpweya, ndipo limalandiranso zibakera moipa. Munthu wotereyu akapita ku super lightweight, makilo 63.5, chibakera chake chimaoneka ngati chakula, pomwe changobwezeredwa chimene njala inkachilanda. Awa ndiwo amapindula ndi kukwera. Koma ngati mumayenda ndi 63 ndipo mukulota za 66.7 ya welter, dziwani kuti mukakumana ndi anthu amene amayenda ndi 72 kapena kuposa. Pa nkhonya za ndalama sikelo imakwereredwa dzulo lake, ndipo usiku umodzi wa madzi ndi chakudya umabwezera munthu makilo angapo. Inu mukakwera sikelo mutadya nkhomaliro kuti mufike, mnzanuyo akukwera ali wouma kuti atsike. Mawa lake mu ring muli anthu awiri osiyana.

Chachiwiri, yang'anani mafupa anu. Thomas Hearns anali wa masentimita 185 ali ku welterweight, thupi ngati nsungwi, ndiye malo oikapo mnofu analipo. Anagwetsa Roberto Duran mu raundi yachiwiri mu 1984 pa makilo 69.9, ndipo mu 1987 anaimitsa Dennis Andries ku light heavyweight, makilo 79.4. Munthu wamfupi wa mikono yaifupi amene wadzaza kale alibe malo otero. Imani pafupi ndi anthu a gulu limene mukulifuna, muyerekeze mapewa, zigongono, kutalika kwa mkono. Maso akuuzani zoona.

Kenako kwerani sitepe imodzi yokha. Kell Brook analumpha kuchoka pa 66.7 kufika 72.6 kukamenyana ndi Gennady Golovkin ku London mu September 2016. Zibakera zake zinkafika ndithu, koma Golovkin ankangodutsa, fupa la diso la Brook linasweka, ndipo a pakona yake anaponya thaulo mu raundi 5. Ndalama zimene amakulonjezani kuti mulumphe magulu awiri ndi za usiku umodzi, diso ndi la moyo wonse. Izi ndimazinena kwambiri kwa ife obwera, chifukwa mlendo wofuna ya lendi ndi yotumiza kumudzi ndi amene amaimbiridwa foni Lachitatu kuti akatseke mpata Loweruka, pa sikelo imene si yake.

Musanadye ndi supuni imodzi yowonjezera, kayeseni madzi. Pemphani akochi akupezereni sparring, nkhonya yoyeserera mu jimu, ndi anthu awiri kapena atatu a gulu lapamwambalo, osati m'modzi. Musayang'ane ngati mukuwapweteka. Yang'anani zinthu izi: jab yanu, chibakera chowongoka cha dzanja lakutsogolo, ikafika, kodi amaima kapena amangolowa? Mukagwirana, ndani akukankha mnzake? Mukatchinga chibakera chawo ndi magolovesi, kodi mapazi anu amasuntha? Ngati munthu salemekeza jab yanu mu jimu, sadzailemekeza pamaso pa anthu.

Mukatsimikiza kuti mukukwera, onjezerani pang'onopang'ono, kota ya kilo pa sabata, mwina kupitirira pang'ono. Makilo awiri ndi theka a mnofu weniweni ndi ntchito ya miyezi 3 kapena kuposa. Gulani tepi ya telala muziyeza mimba pa mchombo Lamlungu lililonse. Sikelo ikamakwera mimba ili pomwepo, mukuyenda bwino. Mimba ikamakwera nawo, mukubwereza zanga zija.

Chakudya sichifuna ndalama zambiri monga anthu amaganizira. Thupi lomanga mnofu limafuna mapuloteni okwana magalamu 1.6 mpaka 2 pa kilo iliyonse ya thupi pa tsiku, ndiye munthu wa makilo 64 akufunika pakati pa 100 ndi 130. Dzira limodzi lili ndi pafupifupi 6. Mazira, nyemba, nsomba za m'chitini, amasi amene ndi chambiko cha kuno, chiponde, ziwindi za nkhuku, ndi usipa wouma umene umabwera ndi mabasi a kwathu, zonsezi zimakwanitsa. Nsima musaiope, ndiyo mafuta a galimoto. Gawani kanayi pa tsiku m'malo modya phiri limodzi usiku. Za majekeseni ndi mapilisi amene amagulitsidwa monong'ona m'majimu ena, musayandikire. Kuno kuli bungwe la SAIDS limene limayeza ochita masewera, ndipo kupatula kuletsedwa, mtima ndi chiwindi n'zanu.

Pa zitsulo, mangani pamene chibakera chimachokera. Squat (kunjuta ndi chitsulo pamapewa) ndi deadlift (kudzutsa chitsulo pansi) kawiri pa sabata, zolemera, maulendo 3 mpaka 5 pa seti, osati mpaka kulephera. Mukangotsika pa chitsulo chitani chinthu chothamanga: kulumphira pa bokosi, kuponya mpira wolemera wotchedwa medicine ball kukhoma mopotoza chiuno, kumenya tayala ndi hamala. Cholinga n'chakuti mnofu watsopanowo uphunzire changu usanazolowere ulesi. Zofufumitsa mikono pagalasi zisiyireni ena, mkono wotupa umangochedwa kubwerera kuchibwano. Khosi lokha musalilumphe tsiku ndi limodzi, popeza kumene mukupitako zibakera zobwera n'zazikulu kuposa zimene munazolowera.

Liwiro muziliyeza, musamalikhulupirire. Masabata awiri aliwonse wina akujambuleni pa foni mukumenya thumba masekondi 10 ndi mphamvu zonse, muwerenge zibakera pa vidiyo. Ponyaninso mpira uja kuchokera pachifuwa, muike chizindikiro pamene wagwera. Manambala awiriwa akayamba kutsika sikelo ikukwera, imani pomwepo, musawonjezere kanthu mpaka abwerere.

Kuthamanga musachepetse poopa kuti muonda. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, mpweya wake ndi wopyapyala, ndipo kilo iliyonse ya mnofu imafuna gawo lake. Amene anabwera kuchokera ku Nsanje kapena ku Salima amakumbukira mmene sabata yoyamba inkawawira pachifuwa. Chibakera chimene chimatha mu raundi yachitatu sichikuthandizani kwa munthu amene sagwa msanga. Funsaninso za magolovesi: m'malo ambiri a nkhonya za ndalama amavala opepukirapo, a 8 oz, mpaka ku welterweight, kupitirira apo olemererapo, a 10 oz. Ngati mukuwoloka malire amenewo, yambani kumenya mapadi ndi a 10.

Chovuta kwambiri si thupi ayi, ndi mutu. Muyenera kuvomera kuti mwina simudzakhalanso wogwetsa anthu ndi chibakera chimodzi, n'kusintha kamenyedwe. Lowani, menyani ziwiri zitatu, tulukani cha m'mbali. Musaime pachifuwa pa munthu wamkulu kuti musinthane, ndipo musalimbane naye pogwirana, amakutsamirani mpaka miyendo kufa. Tsikirani kumimba, makamaka hook yamanzere, chibakera chokhota, pansi pa nthiti za kumanja pamene pali chiwindi, poti khosi lonenepa silitchinga pamenepo. Ndipo mukamupweteka musapenge. Kevin Lerena wa konkuno, atakwera kuchoka ku cruiserweight kupita ku heavyweight, gulu la olemera kwambiri, anagwetsa Daniel Dubois katatu mu raundi yoyamba ku London mu December 2022, koma Dubois anadzuka katatu konse n'kumuimitsa mu raundi yachitatu. Munthu wamkulu amadzuka.

Chimene chimakwera nanu osachepa ndi diso la nthawi. Malemu Dingaan Thobela anatenga malamba a lightweight mu 1990 ndi 1993. Mu September 2000, ku Carnival City ku Brakpan, anagwetsa Glenn Catley wa ku England mu raundi 12, yomaliza, n'kutenga lamba wa WBC wa super middleweight, makilo 76.2. Makilo 15 pamwamba pa kumene anayambira, koma ulendowo unamutengera zaka 10, ndipo anadikira mpata wake usiku wonse. Wathu Isaac Chilemba wa ku Blantyre, amene anakulira nkhonya konkuno, sankadziwika ndi kugwetsa anthu, koma anamaliza maraundi 12 ndi Sergey Kovalev mu 2016, komanso 12 ndi Dmitry Bivol mu 2018. Amene amanyoza jab ndi mapazi akaonere nkhonya zimenezo.

Mnyamata wa ku Mangochi uja anabwera ndi kope lake patatha masabata awiri. M'mawa uliwonse linkawerenga 65 ndi theka, tsiku lina 66. Ndinamuuza kuti za welter aziiwale kaye, tipite ku 63.5, ndipo tisavomere nkhonya iliyonse mpaka atachita sparring katatu ndi anthu a kumeneko. Anadandaula pang'ono, akuti ku welter ndi kumene kuli ndalama. Pa sparring yoyamba ndinamuikira mnyamata wa ku Thembisa wa mapewa otambalala. Raundi yoyamba anaponya lamanja ndi mtima wonse, mnzakeyo sanasunthe. Atabwera pakona anandiyang'ana osanena kanthu. Ndinamupatsa madzi, n'kumuuza kuti raundi ikubwerayi ndikufuna jab ziwiri ndi imodzi ya kunthiti, kenako achoke pamenepo.