Mmene ndinatsekera sump yomwe inkachucha

Sump yanga, kathanki ka acrylic (pulasitiki woonekera ngati galasi) kokhala pansi pa thanki ya nsomba zam'madzi amchere, inayamba kuchucha pakona imodzi. Dontho silinkaoneka, koma mchere woyera unkaundana polumikizira, ndipo ukakhudza ndi chala panali ponyowa.

Silikoni, guluu wotsekera mipata, yomwe inalipo pakonapo inangosendeka ngati khungu la nthochi. Pagalasi imagwira zolimba, koma pa acrylic imangokhala pamwamba. Acrylic amafuna mankhwala osungunula pang'ono mbali ziwirizo kuti ziphatikane n'kukhala chinthu chimodzi.

Ndinakhuthula madzi onse, n'kutsuka mcherewo, n'kuumitsa. Silikoni ndinaipala mpaka kutheratu, chifukwa pomwe yatsalira mankhwala sagwira. Kenako ndinathira Weld-On 4, yomwe ndi mankhwala osungunula aja, ndi kabotolo kokhala ndi singano. Ndi yamadzimadzi moti imalowa yokha mumpata, maso akuona ikuyenda. Pomwe mpata unakula ndinamata kachidutswa ka acrylic mkati mwa kona ndi Weld-On 16, yolimbirapo. Chonde, tsegulani mawindo, fungo lake silabwino m'chifuwa.

Itauma bwinobwino ndinaidzaza madzi apampopi panja, pansi pake nditayala nyuzipepala. Sinanyowe, ndipo ndinabwezeretsa pampu ndi skimmer, chipangizo chochotsa zonyansa m'madzi.