Mfuti yosakira: mulipire dzina kapena mtengo wotsika ndi bho?

Amwene amene muli ku South Africa kapena ku Zambia ndipo mwayamba kuganiza zogula mfuti yanuyanu yosakira, choyamba ndi mapepala. Ku South Africa lamulo lake ndi Firearms Control Act ya 2000, mumayamba maphunziro, kenako competency certificate (chikalata chosonyeza kuti ndinu woyenera kukhala ndi mfuti) ku polisi, kenako laisensi ya mfutiyo, komanso sefa yokhomera kunyumba iyenera kukhalapo. Kwathu ku Malawi nakonso chilolezo chimachokera ku polisi. Za m'sefa ndi za maphunzirozi muziwerengeretu pa bajeti, anthu ambiri amangoona mtengo wa pa shelefu basi.

Tsopano za dzina. Ine ndimati dzina limagulidwa pa zifukwa ziwiri zokha, ma sipeya apezeke, komanso tsiku lomwe mudzafune kugulitsa musadzachite kupempha anthu. Zinazo ndi kunyada chabe. Taonani CZ, ya ku Uherský Brod ku Czech Republic, alenje akale kuno ku Africa amangoti Brno, mfuti zimenezi zayenda m'tchire zaka zambirimbiri moti gunsmith (wokonza mfuti) aliyense amazidziwa mkati ndi kunja, ikavuta simukhala miyezi kudikira kachitsulo kochokera kunja. Pamenepo dzina likukugwirirani ntchito.

Koma dzina limanamizanso. Weatherby Vanguard imapangidwa ndi Howa ku Japan, ndipo mkati mwake ndi Howa 1500 yomweyo, ndiye musanapereke ndalama yowonjezera funsani kuti chikusiyana nchiyani kupatula stock (thabwa kapena pulasitiki yogwirira mfuti) ndi zilembo. Tikka imapangidwa mu fakitale ya Sako ku Riihimäki, Finland, mtengo wake uli pansi pa Sako koma kalondolondo wake palibe amadandaula. Ndiye pali Remington, dzina lalikulu heavy, Model 700 inatuluka mu 1962 ndipo inatchuka dziko lonse, koma mu 2014 anaitanitsa mfuti zambiri kuti zibwerere chifukwa cha vuto la trigger, kampaniyo nkudzagwa mu 2018 ndi kugwanso mu 2020. Ndiye wina akakuuzani kuti "iyi ndi Remington amwene", mufunseni kuti ya chaka chanji.

Zotchipa ngati Savage Axis ndi Ruger American sikuti zimaphonya ayi, zambiri zimalasa bwinobwino. Pomwe anadula ndalama mupaona mukaigwira: stock ya pulasitiki yopepuka yoti mukaifinya kutsogoloku imapindika mpaka kukhudza mpope, bolt (chitsulo cholowetsera chipolopolo mu mpope) ikamayenda imakhala ngati muli kamchenga, magazini yake yapulasitiki. Ngati mumasaka kawiri katatu pa chaka, nswala kapena njiri ya ndiwo, zimenezo sizikupwetekani. Koma ngati ntchito yanu ndi ya pa famu ya nyama, mfuti ikungokhalira kugubuduzika kumbuyo kwa bakkie m'fumbi tsiku ndi tsiku, onjezerani ndalama mutenge yolimba. Mfuti zodula za Blaser tisiyire mabwana.

Musanasankhe dzina sankhani kaye caliber, kutanthauza mtundu ndi kukula kwa chipolopolo, ndipo muyambe kufunsa mu shopu ya kufupi nanu kuti zipolopolo zomwe sizisowa ndi ziti. .308 Winchester ndi .30-06 zimapezeka paliponse ndipo zimakwana pa nswala mpaka ngoma. Njati ndi nkhani ina, pamenepo anthu amayambira pa .375 H&H. Mfuti yotchipa ya caliber yosowa imadzakudyerani ndalama ku zipolopolo mpaka mudzaisiya mu sefa.

Sikopu ndi pomwe anthu amalakwitsa kwambiri. Munthu wagula mfuti yadzina, ndalama zatha, nkuikapo sikopu ya bwanji-bwanji yoti mukawomba kangapo yasuntha kale, madzulo kukamada simuonanso kanthu pomwe nyama zimatuluka nthawi yomweyo. Bola Howa yokhala ndi sikopu ya Leupold kapena Vortex yabwino ndi ma ring olimba omangira sikopuyo kusiyana ndi Sako yokhala ndi galasi la chidole.

Ya kaunjika ndi njira yabwino yopezera dzina pa mtengo wotsika, bola mudutse kwa dealer wovomerezeka ndipo mapepala asinthidwe mwalamulo. Chotsani bolt, muyang'ane mu mpope moloza kuwala, mizere ya mkatimo izioneka yakuthwa, osati yofufutika kapena ya timaenje ta dzimbiri. Onaninso kukamwa kwa mpope ngati sikunagumuke, ndi ming'alu pa thabwa kuseri kwa bolt. Akalola, kaiyeseni ku range pa mamita 100, zipolopolo zitatu kapena zisanu zikagwa pamodzi mkati mwa masentimita atatu kapena anayi, imeneyo tengani.

Zomangitsa yanuyanu kwa gunsmith, action (chigawo chomwe muli bolt) ya uku, mpope wa uko, stock yoyeza thupi lanu, nzokoma koma sizitchipa, musanamizidwe. Mudikira nthawi yaitali, mpope ndi action nazo zimafuna mapepala, ndipo podzagulitsa wogula sadzawerengera zomwe munalowetsa. Ngati ili mfuti yanu yoyamba gulani ya mu bokosi, ndalama yotsalayo mugulire zipolopolo zoyeserera ku range.