Kukongoletsa miphika, ndolo ndi sopo ndi ufa wonyezimira kuno ku chigwa cha Shire

Ufa wonyezimira, uja ambiri amautcha mica, susungunuka. Ndi tizibenthu tophwatalala ta mwala, tokutidwa ndi mankhwala otchedwa titanium dioxide kapena iron oxide kuti tiziwala. Mukauthira m'vanishi kapena mu resin, ulimbo wamadzimadzi womwe ukalimba umaoneka ngati galasi, umangoyandama, pakapita kanthawi n'kukhazikika pansi. Mavuto ambiri amene anthu amadandaula nawo amayambira pomwepa.

Tiyambe ndi mphika wa maluwa kapena chosema cha mtengo. Chikwecheni ndi sandipepa wosalala, mupukute fumbi ndi kansalu konyowa pang'ono, chiume. Kenako pakani penti wakuda, kawiri ngati dothi likumwa kwambiri. Musadumphe pamenepa. Ufawu umaonetsa za pansi pake, ndiye pa dothi lofiira wagolide amangooneka mbuu, pomwe pakuda amachita kuthwanima.

Mu kachitini koyera thirani masupuni 4 aakulu a vanishi wooneka ngati madzi, ndi theka la supuni ya tiyi ya ufa. Yambani ndi kuphwanya ufawo m'madontho ochepa a vanishi mpaka ukhale ngati phala, kenako muwonjezere wotsalayo. Mukauthira wonse nthawi imodzi umachita zibuluma. Musausakanize ndi penti wamba, chifukwa pentiyo amakwirira tizibenthu tija ndipo kuwala konse kumatha. Takasani nthawi iliyonse musanaviike bulashi, ndipo pakani molunjika mbali imodzi kuti tizibenthu tigone mofanana. Kupaka mopyapyala kawiri kumaposa kumata kamodzi.

Nkhani yaikulu kuno ndi kutentha. Ku Ngabu, Bangula ndi Nsanje, mu Okutobala ndi Novembala kumafika madigiri 40 ngakhale kupitirira. Vanishi amauma bulashi ili m'manja, n'kusiya mizere. Gwirani ntchitoyi m'mamawa pamthunzi, chikaumire m'nyumba mutavundikira ndi katoni kuti fumbi lisamatirire. Mukayanika padzuwa, pamwamba pamauma pansi pali pofewa, kenako pamachita makwinya.

Opanga ndolo ndi zibangili za resin, yezani magawo ake awiri, resin ndi mankhwala oilimbitsa, monga mmene botolo lanenera, kaya 1:1 kaya 2:1, osati mongoyerekeza. Ufa usapitirire supuni imodzi ya tiyi pa mamililita 100, apo ayi resin imatha kukhala yomata osalimba bwino. Sakanizani pang'onopang'ono, mamililita 30 basi, chifukwa kunja kukatentha resin yambiri m'kapu imadzitenthetsa yokha n'kulimba musanaithire. Nthawi ya dzinja chinyezi chimaichititsa chifunga pamwamba, choncho sankhani tsiku louma. Njira imene ife timaikonda ndi kupaka ufa wouma m'kati mwa chikombole ndi kabulashi kofewa, n'kuthiramo resin yakuda. Ufa umapita wochepa koma kuwala kumakhala pamwamba penipeni.

Pa sopo, supuni imodzi ya tiyi imakwanira magalamu 500 a mafuta opangira sopoyo, mutayamba mwaisakaniza m'supuni yaikulu ya mafuta omwewo. Gulani ufa wolembedwa kuti ndi woyenera pakhungu. M'phula la kandulo musathiremo, umatseka chingwe ndipo moto umazima. Pakani kunja kokha.

Potsegula paketi valani chotchinga pamphuno ndipo muzimitse fani, ufawu umauluka. Mphika wophikira, mtsuko wa madzi akumwa ndi chipande musazipake n'komwe.